Tabwera Kudzakupumitsani

“Ndati tamwetulirani. Kodi pamenepa ndatukwana?”

“Ndimwetulire chiyani? Beseni ili?”

“Mwetulirani moyo, amayi ake. Moyo!”

A Telala anali atawerama pa beseni la mbale, khanda lili kumbuyo, phazi lina likuingitsa mphaka pa poto wa mkaka. Amuna awo anaima pakhomo la khitchini, chipeso chili m'thumba la malaya. Anali ometa, ndipo anthu onse mumsewumo ankawatchula kuti a Mfundo, chifukwa ngakhale popempha mchere ankayamba ndi “mfundo yoyamba.” Kashedi kawo kometeramo kanali kutsogolo kwa nyumba, koma mmenemo munkachuluka mawu a wailesi kuposa mitu.

“Anamwino sananene za kumwetulira,” anatero a Telala. “Ati magazi anga akuthamanga kwambiri. Ati ndikapanda kumagonako masana, tsiku lina ndidzangogwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Kugona, bambo ake. Kutseka maso.”

“Eya! Mfundo yoyamba ndi yomweyo. Magazi amathamanga chifukwa cha maganizo. Katswiri wanena pa wailesi dzulo lomweli kuti mayi wotanganidwa aziona zabwino pa chilichonse. Mwachitsanzo, inu apa mukuona mbale zakuda. Munthu woganiza bwino akuona kuti banja ladya.”

“Ndiye bwerani pafupi mudzaone bwino.”

“Musandiyankhe choncho. Mfundo yachiwiri, kulinganiza. Muzigawa tsiku lanu mwanzeru. Gawo la ana, gawo la makina osokera, gawo la mwamuna, kenako gawo lanu.”

“Tsiku langa munagawana kalekale ngati mbuzi yophedwa. Ine munandisiyira ziboda.”

Amapasa analowa akukokerana nsapato imodzi, wina akulira, wina akulirira kulira kwa mnzake. Mwana wamkulu anakuwa ali kuchipinda kuti yunifolomu yake sinasitidwe. Panja mayi wina anali atakhala kale pakhonde, pafupi ndi makina, kudikira diresi lake.

“Sunga khosi, mkanda uoneka,” anatero a Mfundo, akulumpha amapasa aja ngati matope.

“Khosi lake ndi lomweli anamwino akuti liduka. Tamverani, sindikupempha zambiri. Tsukani mbalezi, muyang'ane anawa, ine ndikagoneko pang'ono. Mutu umodzi susenza denga.”

A Mfundo anayang'ana manja awo ngati kuti wina wafuna kuwabwereka osabweza.

“Manja awa amagwira nkhope za anthu. Akakhakhala ndi sopo wa mbale, kasitomala adzabweranso? Koma mwanena mwambi wabwino. Mutu umodzi susenza denga. Zoona! Ndiitana mitu ina.”

Anatulutsa foni.

Mawa lake pakhomo panatsika achemwali awo a a Mfundo, ali ndi zikwama zikuluzikulu ndi ana awo awiri. Pambuyo pawo ankabwera mayi awo, apongozi a a Telala, akutsimphina ndi ndodo.

“Alamu!” anakuwa achemwaliwo, manja ali m'mwamba. “Tamva zonse. Tabwera kudzakupumitsani. Kuyambira lero musagwire ngakhale supuni.”

“Zikomo, alamu. Ndiye ndingolowa kuchipinda ndikagone.”

“Kuchipinda? Ayi. Ife tidziwa bwanji kuti mukupumadi? Timakudziwani inu, mukakhala mukusokerera mabatani mobisa. Achimwene, tulutsani matiresi.”

Matiresi anayalidwa pakati pa balaza, pakati pa tebulo ndi kabati. A Telala anagonekedwa chagada ngati katundu wa pamsika. Apongozi anakhala kumiyendo, nasanjika mwendo wawo wodwala pa akakolo a wopumayo kuti usatupe. Ana asanu anazungulira kudzaonerera. A Mfundo anabweretsa wailesi n'kuiika pafupi ndi khutu, akuti pali nyimbo zoziziritsa mtima. Panali mpira.

“Tsekani maso,” analamula a Mfundo. “Kokani mpweya. Ganizirani malo okongola.”

A Telala anatseka maso. Anaganizira chipinda chopanda munthu.

“Alamu,” mawu anachokera kukhitchini, “machesi ali pati? Musadzuke, ingolozani.”

Analoza.

“Nanga mchere? Musadzuke.”

“Pamwamba pa kabati.”

“Mpunga uwu mumathira madzi ochuluka bwanji? Wa kwathu ndi wosiyana. Musadzuke, ingondionetsani ndi chala.”

“Mwana wanga,” anatero apongozi, “poti manja ako angokhala, tandisisitako bondoli. Kugona ukugona ndithu, sindikukuletsa.”

“Amayi, kodi mwafa?” anafunsa mmodzi wa amapasa, akutsegula chikope cha mayi ake ndi chala.

“Sanafe, akupuma,” anayankha a Mfundo. “Ndipo taonani, amayi ake, mwakwinya nkhope. Munthu sapuma atakwinya. Yambiraninso.”

Utsi utayamba kutuluka kukhitchini, a Telala anadzuka, n'kukaphula poto, n'kuyamba mpunga wina. Alamu anaima manja m'chiuno.

“Mwaona, achimwene? Anthu ena ngosathandizika. Tasiya nyumba zathu kudzawapumitsa, iwo akutilanda ntchito m'manja.”

Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Anthu oyandikana nawo atamva kuti a Telala akudwala, nawonso anayamba kubwera kudzawaona akupuma. Mlendo sangakhale pakamwa pouma, ndiye pankafunika tiyi. Tiyi wa alamu apongozi ankati amamveka utsi, ndiye wopumayo ankadzuka kukaphika yekha, n'kubwerera pa matiresi kuti alendo amupeze ali m'malo mwake. Mbale zinachuluka kawiri. Zochapa zinafika pa zenera. Ntchito ya makina sinachepe, chifukwa m'nyumbamo chimene chinkadyetsa anthu onsewo ndi singano, osati lumo.

Ndipo palibe ankaona chachilendo. Ndi mmene zimakhalira. Mkazi akamagwa ndi katundu, anthu amathamangira kumukonzera nkhata.

Tsiku lina a Telala anawodzera ali pa makina, phazi likupalasabe lokha. Atadzidzimuka anapeza kuti buluku la mphunzitsi wina lili ndi miyendo itatu.

Analinyamula m'mwamba, misozi ili lengelenge. A Mfundo analizungulira, akugwedeza mutu.

“Onani zabwino, amayi ake. Umodzi ukang'ambika, ali ndi wina wapadera.”

Tsiku lokapimitsanso magazi litafika, a Telala anasiyira alamu khanda lija. Kuchipatala anapeza mzere utatuluka pakhomo, kuzungulira thanki ya madzi, n'kubwereranso m'kati. Malo okhala anali pa benchi yomalizira yokha, kuseri kwa chipilala, pamene panakhala amayi angapo atatsamira khoma. Anakhala pakati pawo. Khomalo linali lozizira bwino. Palibe anawafunsa kumene kuli mchere.

Atatsegula maso, dzuwa linali litasuntha kuchoka pa zenera lina kupita pa lina. Mutu wawo unali pa phewa la mayi wina wonenepa, wonunkhira masamba a tomato.

“Mayo, pepani! Ndakudonthezerani dovu pa bulauzi.”

“Musadandaule, anzanga, bulauziyi yaona zambiri. Mwagona bwino?”

“Malo anga pa mzere apita?”

“Apita kalekale. Anthu a kumbuyo kwanu tinawauza kuti adutse. Pano ndi mmene timachitira.”

A Telala anayang'ana benchi ija. Amayi onse anali m'tulo. Wina kukamwa kuli yasa, wina atakumbatira chikwama ngati pilo, wina atavala yunifolomu ya kampani yolondera, nsapato atavula.

“Kodi onsewa akudwala chiyani?”

“Uyo ali ndi ana ndi mwamuna. Uyo ali ndi ana, mwamuna ndi apongozi. Uyo wa kumapeto ali ndi mwamuna yekha, koma ndi wa mtundu woopsa.”

“Nanga inuyo?”

“Ine ndimagulitsa tomato. Kunyumba ndikatseka maso amati ndine waulesi. Kumsika ndikatseka maso amandibera. Koma ndikanena kuti ndikupita kuchipatala, aliyense amati pitani bwino, ndipo palibe amafuna kundiperekeza, poti amaopa mzere. Ndiye timabwera, timakhala kumbuyo kuno. Mmodzi amakhala maso kuyang'ana zikwama ndi kuuza anthu kuti pitani patsogolo, ife sitikufulumira. Lero wolondera ndine.”

“Anamwino sakuthamangitsani?”

“Atithamangitse chifukwa chiyani? Ndife odwala okhawo amene sitikalipa.”

Madzulo, mzere utatha, a Telala analowa. Namwino anawamanga lamba pamkono, n'kupopa, n'kuyang'ana, n'kupopanso.

“Kuthamanga kwa magazi kwatsikako. Mwayamba kugona masana?”

“Ndayamba lero.”

“Chilichonse chimene mwachitacho, pitirizani. Musasiye.”

Mawu a namwino ndi lamulo. A Telala anakauza a kunyumba kuti achipatala ati azibwera pafupipafupi, ndipo silinali bodza lenileni. Ankadzuka m'mawa, kusoka, kuphika, kuchapa, kusisita bondo la apongozi, kenako n'kutenga kachikwama kawo. Ankabwerako maso ali mbee. Mabuluku anabwerera ku miyendo iwiri. Tsiku lina anamveka akung'ung'udza nyimbo potsuka mapoto. Tsiku linanso mphaka atagwetsa mkaka, anaseka.

A Mfundo anauza kasitomala aliyense, ngakhale amene anangobwera kudzafunsa njira.

“Mfundo zanga zagwira ntchito. Mkazi wanga ndamuchiritsa ndi pakamwa pokha.”

Koma achemwali awo anawakokera kuseri kwa shedi.

“Achimwene, inu ndinu mwana. Mkazi wa ana anayi samwetulira chabe. Ine ndili ndi awiri okha, munandionapo mano?”

“Ndi maganizo abwino, achemwali.”

“Maganizo abwino amadzola mafuta popita kuchipatala? Galu wamkota sakandira pachabe. Kumeneko kuli wina wovala zoyera. Akupima zambiri, osati magazi okha.”

Madzulo amenewo a Mfundo anaima pakhomo la khitchini, nkhope ili gwa.

“Mukumwetulira chiyani?”

“Moyo, bambo ake.”

“Musandipusitse. Moyo wake uti? Moyo wa m'nyumba muno ndimaudziwa ine, mulibe chomwetulira.”

“Si inu munati ndizimwetulira?”

“Ndinati muzimwetulira, koma osati chonchi. Uku ndi kumwetulira kochokera kwina. Ndani akukusangalatsani?”

“Khoma.”

“Khoma! Ndi dzina lake limenelo?”

“Ndi lozizira, silifunsa mafunso, ndipo ukalitsamira silisuntha.”

A Mfundo anatuluka, n'kukauza achemwali awo kuti munthuyo ndi wamtali, wamphamvu, ndiponso wosayankhulayankhula.

Mawa lake a Telala atangokhota pa ngodya ya msewu, awiriwo ananyamuka kuwatsatira. Apongozi anakana kutsala ndi khanda, akuti bondo. Alamu anati iwo manja awo akhale omasuka, mwina pafunika kugwira munthu. Ndiye khanda ananyamula a Mfundo, molitalikitsa ndi malaya awo oyera, ngati munthu wonyamula mbale ya msuzi wotentha.

“Ndi bwinonso,” anatero. “Aone mwana amene akumuchititsa manyazi.”

Kuchipatala anasuzumira m'zipinda, anthu a pa mzere akuwakalipira kuti asadumphe. Anayang'ana kuseri kwa thanki. Anayang'anitsitsa mwamuna aliyense wamtali wovala zoyera, mpaka wina anawafunsa ngati akufuna mankhwala a maso. Pomaliza anazungulira chipilala chija.

A Telala anali apo, mutu uli pakhoma, kukamwa kuli pululu, nsapato imodzi itavuka. Kumanja kwawo mayi wina ankaliza mkonono. Kumanzere wina anali atafunda thawulo kumutu. Mayi wa tomato yekha ndiye anali maso, zikwama zonse zili pamiyendo pake.

“Pitani patsogolo, bambo, ife sitikufulumira.”

“Uyu ndi mkazi wanga!”

“Mwachita mwayi. Tsitsani mawu.”

“Ali kuti mwamunayo? Khoma ali kuti?”

Mayi wa tomato anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anamenya khoma ndi chikhatho.

“Ili. Mukufuna mumenyane nalo?”

Anthu a pa mabenchi a kutsogolo anayamba kutembenuka. A Mfundo anayang'ana khoma, anayang'ana akazi awo, anayang'ana achemwali awo.

“Ndi chinyengo ichi,” anatero alamu. “Wabisala. Ndikhala pompano mpaka atulukire.” Anadzipanikiza kumapeto kwa benchi, manja atapinda pachifuwa. Msana wawo unakhudza khoma. “Koma ndiye n'lozizira bwino,” anatero motsitsa.

“Achemwali, musatsamire!”

“Ndingopumitsa msana. Inu mukuganiza kuti kwanga ndinathawa chiyani, achimwene? Kumene kuja alamu anu sadziwa ngakhale kumene kumakhala makapu.” Anayasamula. Mutu unapendekeka. Basi, anapita.

Nthawi yomweyo khanda linafiira nkhope, linadzikunga, ndipo panamveka phokoso limene aliyense wolera amalidziwa. Fungo linafika mpaka benchi yachitatu. Mwana anayamba kulira.

A Mfundo anatambasula manja kuti apereke mwanayo kwa mayi ake. Mayi wa tomato anatchinga ndi mkono.

“Pa benchi ino sitidzutsa munthu pokhapokha nyumba ikupsa. Ikupsa?”

“Ayi, koma mwanayu wa... wachita zinthu.”

“Ndi wa ndani?”

“Wanga.”

“Ndiye zinthuzo ndi zanu.”

Koma kulira kwa mwana wako kumalowa ngakhale m'manda. A Telala anatsegula maso. Anaona amuna awo, anaona alamu akuliza mkonono, anaona anthu onse akuyang'ana. Sanadzidzimuke.

“Mwabwera kudzapimitsa, bambo ake?”

“Mwandichititsa manyazi! Mkazi wapabanja, wa nyumba yake, wa matiresi ake, kumagona pagulu ngati wosowa kwawo? Ndinakuitanirani anthu. Ndinakupatsani wailesi yanga. Mfundo yoyamba...”

“Mfundo yoyamba ndinena ine lero.” Sanakweze mawu, koma mzere wonse unatchera khutu. “Ndinakupemphani kanthu kamodzi, kuti mugwire mbale ine ndigone. Munandibweretsera pakamwa pena panayi poti ndidyetse. Ndinakuuzani kuti ndikufa, inu munati ndimwetulire. Ndamwetulira, mwati ndili ndi chibwenzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo ake. Ine ndatsekula, ndipo chitseko chake ndi ichi.”

“Anthu akumva, amayi ake.”

“Amve. Mwina ali ndi akazi kunyumba.” Anapisa dzanja m'kachikwama kawo, n'kutulutsa thewera lopindidwa bwino, kansalu konyowa ndi phini, poti mayi sayenda wopanda zimenezi ngakhale mwana wamusiya. Anaziika pa benchi. “Anamwino anakuuzani kudzera mwa ine, simunamve. Ndikagwa n'kufa ziwalo, achemwali anu adzapita kwawo, amayi anu ali ndi bondo. Mudzatsala inu. Mudzasintha matewera a anthu awiri, la mwanayu ndi langa. Ndiye yambani kuphunzira pa laling'onoli.”

A Mfundo anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, simunatuluke mfundo.

Anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza. Bambo wina wachikulire wa bandeji kumutu anangoti, “Gwadani, achimwene, pansipa akolopa.” Anagwada. Anayala jekete lawo pa simenti, n'kugoneka mwana. Anamasula thewera lakale, n'kutembenuza nkhope ngati aona ngozi ya galimoto.

“Pukutani kuchokera kutsogolo,” anatero mayi wina pa mzere.

“Gwirani miyendo yonse iwiri, akupondani!”

Anawapondadi, pa malaya oyera aja. Mzere wonse unaseka, ngakhale amene anabwera akubuula. A Mfundo thukuta lili kamukamu anapinda thewera latsopano mwa njira imene dziko silinaionepo. Ngodya ina inatulukira pamchombo, ina inalendewera kubondo. Phini anaibaya chopingasa, kumbali, pamene sipabayidwa.

A Telala ankaona zonse. Thewera limenelo silikanafika ngakhale pa geti. Dzanja lawo linanyamuka lokha, monga linkachitira tsiku lililonse, kuti lilande, likonze, limalize ntchito ya wina. Linafika m'malere.

Analiyang'ana. Kenako analibweza, n'kulikhalira.

“Mukafika kunyumba, phala lake lili m'poto wamng'ono,” anatero. “Mukalipeza. Nyumbayo si yaikulu.”

Anatsamira khoma, natseka maso.